Kupanga gemu yanu ya makadi kapena ya pabolodi: kuchokera pa pepala mpaka kwa osindikiza

Amene anapanga gemu ya makadi ya Uno mu 1971 anali wometa tsitsi wa m'tauni ya Reading ku Ohio, dzina lake Merle Robbins. Banja lake linasonkha ndalama n'kusindikiza mapaketi 5,000, ndipo oyambirira ankagulitsidwira m'babashopu momwemo. Klaus Teuber wa ku Germany ankagwira ntchito yopanga mano oikirira pamene ankakonza Catan, gemu ya pabolodi yomanga midzi imene inatuluka mu 1995. Mpaka lero makampani ambiri osindikiza magemu amadalira anthu wamba oterewa kuti awabweretsere zatsopano. Koma sagula maganizo amene akadali m'mutu. Amagula gemu imene anthu osakudziwani angathe kuisewera inu kulibe, n'kufunanso kuibwereza, ndipo masitepe onse ali m'munsimu akulunjika pamenepo.

1. Yambani ndi chimene wosewera azichita ikafika nthawi yake

Ambiri amayamba ndi nkhani: gemu ya mafumu, gemu ya nkhondo, gemu ya nyama za ku Liwonde. Nkhani ndi yabwino, koma siyenda yokha patebulo. Funso loyamba likhale ili: ikafika nthawi ya munthu, akusankha pakati pa chiyani ndi chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani kusankhako kuli kovuta?

Taonani kusiyana kwa njoka ndi makwerero ndi bawo. Mu njoka ndi makwerero palibe chosankha, dayisi ndiye amasewera, n'chifukwa chake akuluakulu imawatopetsa msanga. Mu bawo mulibe mwayi ngakhale pang'ono: mabowo 32, nkhomo 64, zonse zili poyera, ndipo wodziwa kuwerengera amagonjetsa wongoyamba pafupifupi nthawi zonse. Magemu ambiri amene amagulidwa masiku ano ali pakati pa awiriwa. Muli mwayi wokwanira kuti mwana awine bambo ake mwa apo ndi apo, komanso muli kuganiza kokwanira kuti bamboyo anene kuti tibwerezenso.

Tiyerekeze kuti mukupanga gemu ya makadi ya ogulitsa matimati. Wosewera aliyense ali ndi malo atatu patsogolo pake: osapsa, akupsa, ofewa. Raundi iliyonse ikatha, makadi onse amasunthira malo otsatira, ndipo odutsa pa ofewa awola, atayidwa. Akupsa ndiwo ali ndi mtengo wabwino. Koma onse amasankha mwachinsinsi pa nthawi imodzi kuti agulitsa kapena adikira, ndipo ogulitsa akachuluka mtengo umagwa. Apa pali chosankha chenicheni: ndigulitse lero motchipa, kapena ndidikire mawa pamene mwina anzanga onse atulutsanso awo? Lembani gemu yanu m'chiganizo chimodzi chotere. Chikakana kulembeka, ndiye kuti simunaipeze.

Gemu yoyamba ikhale yaing'ono. Love Letter, imene Seiji Kanai wa ku Japan anatulutsa mu 2012, inali ndi makadi 16 okha ndipo inafalikira dziko lonse. Gemu ya mphindi 20 mungathe kuiyesa katatu madzulo amodzi, pamene ya maola atatu idzakusowetsani anthu oyesa nawo. Komanso sewerani za ena kuti musavutike kupanga chimene chilipo kale. Pa webusaiti ya Board Game Arena pali magemu ambiri aulere osewereka pa foni, ndipo pa webusaiti ya BoardGameGeek mungafufuze ngati wina anachita kale zofanana ndi zanu.

2. Pangani yosakongola, lero lomwe

Katoni, pepala la manila, sizasi, pensulo ndi labala n'zokwanira. Zitsekerero za mabotolo, zomwe zija timasewerera drafuti, zimakhala anthu oyenda pabolodi. Nyemba kapena chimanga zikhale ndalama. Khadi wamba ndi ya mamilimita 63 m'lifupi ndi 88 m'litali, ndipo pa pepala la A4 pamakwana makadi 9. Njira yachangu ndi kutenga paketi yakale ya makadi 52 n'kumatapo timapepala tolembapo, kuti azisakanizika bwino m'manja.

Musalipire wojambula pa sitepe imeneyi. Khadi yokongola imakumangani manja: mumachita nayo chisoni kuitaya ngakhale mukuona kuti ikuwononga gemu. Oyesa nawonso akaona chinthu chooneka chomalizidwa amaopa kuchinyoza. Ndiponso kampani ikadzatenga gemuyo idzajambulitsa zake, mwinanso kusintha nkhani yonse, matimati n'kusanduka nsomba kapena maluwa.

Manambala onse a makadi asungeni mu Excel kapena Google Sheets, mzere umodzi khadi imodzi. Mukadzafika posindikiza pa kompyuta, pulogalamu yaulere ya nanDECK imatenga mizereyo n'kukuyalirani makadi pa pepala.

3. Isewereni nokha kaye

Yalani mipando itatu, muzizungulira nokha. Wina akhale wadyera wogulitsa msanga nthawi zonse, wina wodikira mpaka mapeto, wachitatu wosakaniza. Cholinga n'kungoona ngati gemu ikuyamba, ikuyenda ndiponso ikutha. Mudzapeza zinthu zoti simukanaziona pa pepala: makadi atha pa raundi yachitatu, kapena palibe chimene chikuthetsa gemu.

Ngati muli madayisi, chitani masamu pang'ono. Madayisi awiri amagwa m'njira 36. Nambala 7 imatuluka m'njira 6, nambala 6 ndi 8 m'njira 5 iliyonse, pamene 2 ndi 12 zimatuluka m'njira imodzi yokha. Teuber anamanga Catan pa masamu amenewa: 7 anaipereka kwa wakuba amene amasokoneza aliyense, ndipo 6 ndi 8 anazilemba mofiira kuti wosewera aone msanga malo achonde. Mukaika mphotho yaikulu pa 7 mosadziwa, gemu yanu idzasefukira ndalama.

4. Iikeni pamaso pa anthu, inu muzionerera

Ntchito yeniyeni ili pano, ndipo idzadya nthawi yambiri kuposa masitepe ena onse pamodzi.

Vuto loyamba ndi ulemu wathu. Mlamu wanu, mnzanu wa kutchalitchi kapena mwana wa achemwali anu sangakuuzeni pamaso kuti chinthu chimene mwachivutikira n'chotopetsa. Adzati "ili bwino kwambiri, mwayesetsa." Choncho musadalire pakamwa pawo, yang'anani manja ndi maso. Ndani watulutsa foni, ndipo pa mphindi iti? Ndi pati pamene onse anawerama n'kuyandikira tebulo? Anaseka kapena kukuwa pa chiyani? Lamulo liti lafunsidwa kawiri? Lamulo limene anthu osiyanasiyana akuliiwala mobwerezabwereza ndi lolakwika ndilo, osati anthuwo.

Khalani ndi kope limodzi la gemuyi basi. Pa kuyesa kulikonse lembani tsiku, malamulo amene munagwiritsa ntchito, chiwerengero cha osewera, mphindi zimene gemu yatenga, mapointi a aliyense, ndi amene anayamba. Pakapita nthawi kopelo lidzakuuzani zimene palibe woyesa angakuuzeni, monga zoti woyamba kusewera ndiye akupambana kawirikawiri.

Gemu ikatha, funso loti "mwaikonda?" n'lotaya nthawi. Funsani zoyankhika: ndi pati pamene munasowa chochita? Munadziwa liti kuti mwaluza? Mukanati muchotsemo chinthu chimodzi, mukanachotsa chiyani? Mukaseweranso mudzachita chiyani mosiyana? Funso lomalizali ndimalikonda kwambiri. Munthu akayankha mwachangu kuti "ulendo wina ndidzasunga osapsa ambiri," gemu yamugwira. Akangoti kukamwa yasa, mulibe chomubwezera patebulo.

Akamalankhula musadziteteze, musafotokoze chifukwa chimene munaikira lamulolo. Lembani, thokozani. Dziwaninso kuti woyesa ali ngati wodwala pamaso pa dokotala: amadziwa bwino pamene pakupweteka, koma mankhwala amene akutchula nthawi zambiri si oyenera. Akati "onjezani khadi yobera mnzako matimati," chimene akunena mwina n'chakuti amakhala nthawi yaitali osachita kanthu. Imvani ululuwo, mankhwala mupeze nokha.

Matenda ena amabwera pafupifupi m'gemu iliyonse yatsopano. Vuto lofala kwambiri ndi la wotsogola wosapezekanso: wapeza ndalama zambiri pa raundi yoyamba, wagula matimati ambiri, wapezanso zambiri, ndipo ena akungoperekeza kwa mphindi 30. Mungalichize popangitsa kuti wotsalira aziyamba kusankha, kapena pobisa mbali ina ya mapointi mpaka kumapeto. Mu Ticket to Ride, gemu ya masitima ya Alan R. Moon imene inatuluka mu 2004, aliyense amabisa makadi a maulendo ake, choncho palibe amene amadziwa motsimikiza kuti wapambana ndani mpaka awerengere. Vuto lina ndi mwayi wa woyamba kusewera. Catan inalichepetsa poika nyumba zoyambira mopita ndi kubwerera: womaliza amaika ziwiri motsatizana, woyamba n'kudzakhala womaliza. Palinso njira imodzi yopambanira nthawi zonse. Ngati wogulitsa msanga akuwina gemu iliyonse, ndiye kuti kusankha kuja kunali kwa bodza. Ndipo samalani ndi kutulutsa munthu m'gemu pakati, monga zimachitikira mu Monopoly. M'gemu ya mphindi 5 palibe vuto, koma m'gemu ya ola lathunthu mwamusiya mlendo wanu akuonera anzake.

Pokonza, sinthani chinthu chachikulu chimodzi pa nthawi, kuti mudziwe chimene chathandiza. Mukamasintha nambala musanyengerere: mtengo wa 4 upangeni 8 kapena 2, osati 5. Kusintha kwakukulu kumaonetsa msanga mbali yoyenera kulowera, kenako mudzabwerera pakati. Ndipo vuto likabuka, yambani mwafunsa chimene mungachotse musanaganize zowonjezera. Lamulo lililonse loikidwa kuti litseke bowo limabweretsa chinthu china choti anthu aziloweza, ndipo kawirikawiri limaboola pena.

Gemu ikaonekeratu kuti yasweka pa mphindi 10, imitsani. Anthu okuthandizani ndi ochepa, musawatopetse ndi chinthu chimene mwadziwa kale yankho lake. Sinthani pomwepo ndi pensulo, muyambirenso. Yesaninso chiwerengero chilichonse chimene mudzalembe pa bokosi. Gemu yokoma kwa anthu anayi imatha kufa kwa anthu awiri, monga ya matimati ija, imene mtengo wake sungagwe bwino ogulitsa akakhala awiri okha.

Abale ndi anzanu akatha, funani alendo: kalabu ya chess ya pasukulu, gulu la achinyamata, akuluakulu a pa bawo amene amaona msanga njira yachinyengo. Amene muli ku Britain, gulu la Playtest UK limakumana m'mizinda ingapo kuti opanga magemu aziyeserana. Pa intaneti mungaike makadi anu pa PlayingCards.io kapena Screentop kwaulere, kapena pa Tabletop Simulator imene ndi yogula, n'kusewera ndi anthu a kutali.

5. Lembani malamulo, kenako tsekani pakamwa

Malamulo atsate dongosolo ili: ndinu ndani m'gemuyi ndipo mupambana bwanji, muli zipangizo zanji, muziyala bwanji, mumachita chiyani ikafika nthawi yanu, gemu imatha liti, ndipo mukafanana mapointi wapambana ndani. Cholinga chibwere poyamba chifukwa munthu sasunga lamulo asanadziwe ntchito yake. Chinthu chimodzi chikhale ndi dzina limodzi. Mukachitcha "msika" pa tsamba loyamba, musachitche "bolodi" pa lachiwiri. Ikani chithunzi cha mmene tebulo lionekere poyamba, ndi chitsanzo chimodzi cha raundi yathunthu.

Tsopano perekani bokosi ndi malamulo kwa anthu amene sanaionepo. Khalani pakona osayankha kanthu, ngakhale akufunseni, ngakhale muone akulakwitsa. Ngati simungapirire, siyani foni ikujambula mutuluke. N'zowawa kuonera anthu akusewera gemu yanu mokhota, koma paliponse pamene akhota pali chiganizo chofunika kulembanso. Ku kampani gemu yanu idzayesedwa chimodzimodzi, inu muli kutali. Bwerezani ndi gulu lina mpaka alendo aisewere bwino kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ngati mukulinga kunja, malamulo a Chingerezi nawonso ayesedwe mwa njira yomweyi.

6. Kufikira osindikiza

Yambani ndi kufufuza. Kampani iliyonse ili ndi mtundu wake wa magemu, kukula kwa bokosi ndi mtengo umene makasitomala ake anazolowera. Richard Garfield atapita ndi RoboRally ku Wizards of the Coast, kampaniyo inali yaing'ono ndipo inaona kuti gemu ya zipangizo zambiri chotero ingadule kupanga. Mkulu wa kampaniyo, Peter Adkison, anamupempha kanthu konyamulika, kosewereka mwachangu, ndipo m'menemo munatuluka Magic: The Gathering mu 1993. Gemu yabwino imakanidwa ikapita pa khomo lolakwika. Sankhani makampani ochepa amene ali ndi magemu ofanana kukula ndi yanu, onani pa webusaiti yawo ngati akulandira zatsopano, ndipo tsatirani ndendende zimene apempha.

Konzani zinthu zitatu. Choyamba ndi tsamba limodzi lotchedwa sell sheet: dzina la gemu, chiwerengero cha osewera, zaka zawo, mphindi, chithunzi chachikulu cha gemu ili pakati poseweredwa, ziganizo ziwiri kapena zitatu zonena chimene chili chatsopano, mndandanda wa zipangizo, ndi mmene angakupezereni. Mndandanda wa zipangizo amauyang'anitsitsa chifukwa mtengo wa m'sitolo umakhala pafupifupi kasanu ndalama zopangira bokosi limodzi. Kachidutswa kalikonse kosafunika kamakweza mtengo. Chachiwiri ndi vidiyo ya mphindi ziwiri kapena zitatu. Ya pafoni ndi yokwanira, bola kuwala kukhale kwabwino, kamera iloze patebulo, ndipo muonetse raundi imodzi m'malo mowerenga malamulo onse. Chachitatu ndi malamulo aja mu PDF. Imelo ikhale yaifupi, yonena chifukwa chimene mwasankhira iwowo. Musalembe kuti abale anu onse anaikonda kapena kuti iposa Monopoly.

Ambiri amaopa kuberedwa, n'kufuna kuti kampani isaine kaye pepala losunga chinsinsi. Makampani ambiri amakana zimenezo, chifukwa amaona magemu ochuluka ofanana. M'maiko ambiri lamulo la umwini limateteza mawu a malamulo anu ndi zojambula, osati njira ya kaseweredwe. Chitetezo chanu chenicheni ndi kope lija la madeti ndi anthu ambiri amene anaiona gemuyo ili m'manja mwanu.

Kumene opanga ndi osindikiza amakumana maso ndi maso ndi ku SPIEL mu mzinda wa Essen mwezi wa Okutobala, ku chionetsero cha zidole cha ku Nürnberg kumayambiriro a chaka, ku Gen Con mu Indianapolis, ndi ku UK Games Expo mu Birmingham. Nthawi yokumana imapemphedwa pa imelo miyezi ingapo zisanachitike, ndipo imakhala yaifupi, mwina theka la ola. Fikani gemu mutaikonza kale ngati ili pakati, kuti munthuyo alawe pokoma pomwepo. Mu Africa muno, Kenechukwu Ogbuagu wa NIBCARD Games amachititsa African Boardgame Convention ku Abuja, ndipo kampani yakeyo inalandira mphotho ya Diana Jones mu 2021. Kwa amene ulendo wa ndege ndi viza n'zosatheka, makampani ambiri tsopano amalola kuonetsa gemu pa vidiyo kapena pa tebulo la pa intaneti, ndipo mipikisano monga Cardboard Edison Award imayamba ndi vidiyo ndi malamulo basi.

Yankho limachedwa, miyezi imatha. Pakapita mwezi umodzi kapena iwiri kumbutsani kamodzi mwaulemu. Mungaonetse makampani angapo pa nthawi imodzi, bola muwauze zoona akafunsa. Akakana n'kupereka chifukwa, chilembeni m'kope, pakuti ndi uphungu waulere wochokera kwa munthu wodziwa msika.

7. Musanasaine

Lizzie Magie analembetsa The Landlord's Game mu 1904, gemu imene Monopoly inachokerako. Mu 1935 kampani ya Parker Brothers inagula umwini wake pa madola 500, popanda gawo lililonse pa malonda a m'tsogolo. Musagulitse gemu yanu kotheratu. Chimene mumapereka ndi chilolezo chosindikiza, ndipo mumalandira gawo pa bokosi lililonse, kawirikawiri pakati pa 5 ndi 8 peresenti ya ndalama zimene kampani yalandira, osati za mtengo wa m'sitolo. Tiwerengere: gemu ya madola 20 m'sitolo, kampani ingalandirepo madola 8. Pa 7 peresenti, inu mwapeza masenti 56. Mabokosi 3,000 akagulidwa ndi madola 1,680. Ntchito imene muli nayo musaisiye chifukwa cha gemu yoyamba.

M'mgwirizano muonetsetse muli izi: ndalama yoyambira imene sabweza, tsiku limene umwini ubwerere kwa inu ngati sanasindikize, mwachitsanzo pakatha zaka ziwiri, kapena akasiya kugulitsa, maiko ndi zilankhulo zimene mwawalola, nthawi yolandirira malipoti a malonda, ndi dzina lanu pa bokosi. Za dzinazi anazimenyera ena: mu 1988 ku Nürnberg gulu la opanga magemu linasaina pa kakatoni koikapo tambula ya mowa kuti silidzaperekanso gemu kwa kampani yosalemba dzina la woipanga pa chivindikiro. Ngati n'kotheka, loya aone pepalalo. Ndipo kampani yoona siikulipiritsani kuti isindikize gemu yanu, ndalama zimachokera kwa iwo kubwera kwa inu.

8. Ngati mwasankha kusindikiza nokha

Mwina munamva za Exploding Kittens, imene inatolera madola opitirira 8 miliyoni mu 2015 pa Kickstarter, webusaiti yotolera ndalama kwa anthu. Eni ake anali kale ndi anthu ochuluka owatsatira pa intaneti, ndipo Kickstarter imalola anthu a m'maiko owerengeka okha kuyambitsa zotolera ndalama. Kwa amene ali ku Malawi kapena ku Zambia, njira yapafupi ndi ya Robbins ija, koma mochepa kwambiri.

Pitani kwa osindikiza mabuku ndi makalendala a m'tauni ndi fayilo ya makadi anu. Pemphani pepala lolimba la magalamu 300 kapena kuposa, lokutidwa mbali zonse kuti lisamwe thukuta, ndipo muyambe mwaona paketi imodzi yoyesera. Iunikeni padzuwa kuti muone ngati nambala sizikuonekera kumbuyo, ndipo onani ngati kudula kuli kofanana, chifukwa khadi yosiyana ndi zinzake imadziwika ili chovundikira. Kumbuyo kwa makadi pewani mzere wozungulira m'mphepete, umaulula kudula kokhota.

Kwathu makadi ambiri amawaona ngati njuga, ndipo makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo ndiwo adzagule kapena kuletsa. Paketi inene momveka kuti ndi gemu ya banja yopanda kubetcha, zaka zoyenera zilembedwe poonekera, ndipo makadi asafanane ndi a njuga. Sindikizani mapaketi 30 kapena 50, osati 1,000. Powerengera mtengo phatikizanimo paketi, pepala la malamulo, thiransipoti ndi gawo la wogulitsa. Gemu yosadziwika sigulika ili pa shelefu, choncho pemphani tebulo pa tsiku la masewera kusukulu kapena pa msonkhano wa achinyamata, anthu asewere raundi imodzi kwaulere, mapaketi ali pambali. Amene agula atengeni nambala mwa chilolezo chawo, ndipo pakatha mwezi afunseni kuti aisewera kangati ndiponso lamulo liti linawavuta, musanabwerere kwa osindikiza ndi oda yachiwiri.